Sabata la ntchito ku Ny-Ålesund, Svalbard, mwezi wa Epulo

Lolemba

Tafika masana pa ndege yaing'ono ya Dornier 228 yochokera ku Longyearbyen, tauni yaikulu ya Svalbard, zilumba za Norway za kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi. Ulendo wake sukwana mphindi 30. Msewu wolumikiza Ny-Ålesund, mudzi wa kafukufuku wa sayansi, ndi mudzi wina uliwonse pa Svalbard kulibe, ndiye ndege ikalephera kunyamuka, munthu amangodikira. Musanakwere amayeza pa sikelo chikwama chilichonse, cha m'manja chomwe, poti bwalo la Hamnerabben ndi lalifupi ndipo kilogalamu iliyonse imawerengedwa. Zida zolemera za kafukufuku sizikwera nawo. Zimatsogola pa sitima ya katundu yochokera ku Tromsø, mzinda wa kumpoto kwa Norway, choncho wofuna kugwira ntchito mu Epulo amalongedza mabokosi ake kudakali miyezi.

Mudziwu uli pa 78°55′ kumpoto, makilomita pafupifupi 1,200 kuchokera ku North Pole, m'mbali mwa Kongsfjorden, nyanja yolowa m'kati mwa mapiri. Zogona, chakudya, magetsi, madzi, doko ndi bwalo la ndege, zonse zili m'manja mwa Kings Bay, kampani ya boma la Norway. Norway, Germany ndi France, Italy, Britain, Japan, Korea, China, India ndi Netherlands ali ndi nyumba zawo za kafukufuku. M'nyengo yamdima mumatsala anthu 30 ndi mphambu zochepa, pomwe m'chilimwe amapitirira 100. Bedi simulipeza ngati ntchito yanu sinalembedwe m'kaundula wa Research in Svalbard. Kwa amene ali ndi pasipoti ya Malawi kapena Zambia pali chinanso: Svalbard payokha safuna viza, koma ndege zake zimadzera ku Norway, ndipo pobwerera mumalowanso m'dera la Schengen (maiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi) kachiwiri. Pemphani viza yolowera kawiri. Ya kamodzi ikufikitsani kuno koma ikutsekerezani pobwerera.

Lamulo loyamba limagwira ntchito ndege isanatere: Wi-Fi ndi Bluetooth zizime, ndipo zisayatsidwenso mpaka mutachoka. M'dera la makilomita 20 kuzungulira mudzi saloleza chipangizo chotumiza mafunde a pakati pa 2 ndi 32 GHz. Chifukwa chake chili ku Brandal, kuseri kwa bwalo la ndege, kumene bungwe la Norway lojambula mapu, Kartverket, lili ndi madishi awiri a mamita 13.2 omwe anatsegulidwa mu 2018. Madishiwa amamvetsera ma quasar, zinthu za kutali kwambiri m'mlengalenga, ndipo akayerekeza zimene amva ndi za madishi a m'maiko ena amadziwa mmene dziko likuzungulira ndi mmene nthaka ikusunthira, miyeso imene GPS imadalira. Mafunde ochokera kutali choncho ndi ofooka zedi, moti wotchi ya pamkono yofunafuna foni ikhoza kuwakwirira. Foni anthu saiwala. Zimene zimapulumuka ndi mahedifoni opanda waya, mausi, kamera, wotchi, ndi laputopu imene imadziyatsira Wi-Fi ikangoyambanso. Intaneti ilipo yothamanga bwino, ya chingwe chodzera pansi pa nyanja, koma mumaipeza pakhoma ndi waya. Bwerani ndi kachipangizo kolumikizira waya wa Ethernet ku laputopu ndi ku foni.

Lamulo lachiwiri lili pakhomo: nsapato zakunja zimatsala pa alumali, m'nyumba mumalowa ndi masokosi kapena masilipasi. Linayamba nthawi ya migodi pofuna kuti fumbi la malasha lisalowe, ndipo likadalipo chifukwa sinowo ya ku nsapato imasungunukira pansi. Nthawi ya kuno mu Epulo ndi yofanana ndi ya ku Malawi, ndiye poimba kunyumba palibe zowerengera maola.

Lachiwiri

Tsiku lonse lapita pa nkhani ya chimbalangondo choyera. Munthu saloledwa kudutsa chikwangwani cha kumalire a mudzi wopanda zida zothamangitsira chilombochi, ndipo mfuti sapatsidwa asanachite maphunziro a m'kalasi ndi kuwombera pabwalo. Chilolezo chobwerekera mfuti chimachokera kwa Sysselmester, bwanamkubwa wa Svalbard, ndipo chimapemphedwa munthu asananyamuke kwawo.

Aphunzitsi amayamba ndi kunena kuti mfuti ndi yomaliza. Chimbalangondo chinatetezedwa ndi lamulo kuyambira 1973, kuchipha kumaloledwa pokhapokha moyo wa munthu uli pachiswe, ndipo chilichonse chikaphedwa apolisi amafufuza. Kuyambira Januwale 2025 lamulo likuti munthu atalikirane nacho mamita 300, ndipo kuyambira pa 1 Malichi mpaka pa 30 Juni, mamita 500. Ndiye ntchito yaikulu ndi ya maso. Pa gulu lililonse logwira ntchito kunja, mmodzi sagwira chida china chilichonse. Amaima pokwera ndi mabainokyula n'kumazungulira, osati kuyang'ana mbali imodzi. Ubweya wa chilombochi si woyera mbee ayi, umapita ku chikasu, ndipo chimenecho ndicho diso limafunafuna pa sinowo. Mukachiona patali mumasiya zida pomwepo, mumasonkhana pamodzi, mumabwerera m'mbuyo osathamanga, n'kudziwitsa mlonda wa mudzi pa wailesi ya VHF.

Chikamayandikirabe, pamabwera kamfuti kophulitsa moto ndi phokoso. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: chipolopolo chake chiyenera kuphulikira pakati pa inu ndi chilombo. Chikapitirira n'kukaphulikira kumbuyo kwake, mwachithamangitsira kwa inu nokha. Mphepo ya kumsana imachipititsa kutali kuposa mmene mumaganizira, choncho lozani mofupikitsa.

Mfuti zake ndi za bolti, za .30-06 kapena .308, zipolopolo zake zofutukuka zikalowa m'thupi. M'mudzi mfuti imayenda yopanda kanthu, bolti ili yotsegula kuti aliyense aone, ndipo silowa m'nyumba yodyera kapena m'sitolo. Mukafika pachikwangwani mumaloza kopanda anthu, mumalowetsa zipolopolo zinayi m'magazini, kenako mumazikanikiza pansi ndi chala chachikulu uku mukukankha bolti kuti idutse pamwamba pake osatola ngakhale chimodzi. Mukatero magazini ndi yodzaza koma mumpope mulibe kanthu, ndipo munthu akaterereka pa ayezi mfuti siilira. Pobwerera, pachikwangwani chomwecho, mumatulutsa zonse n'kuziwerenga m'manja. Zikhale zinayi. Powombera mumagwada bondo limodzi n'kuloza pachifuwa kapena paphewa, chifukwa mutu ndi waung'ono ndipo sukhazikika.

Kuzizira nako kuli ndi zake. Mafuta ambiri pa bolti amalimba n'kuchedwetsa kasingano kowombera, ndiye mfuti ya kuno imapukutidwa mpaka kuuma. Mukailowetsa m'chipinda chofunda imachita mame, ndipo mukaitulutsa isanaume mamewo amaundana m'kati, bolti n'kukana. Kukamwa kwa mpope timamatapo tepi kuti sinowo isalowe munthu akagwa. Tepiyo sitchinga chipolopolo, koma mpope wodzaza sinowo ukhoza kung'ambika.

Zitseko za nyumba za m'mudzi sizikiyidwa. Chimbalangondo chikalowa pakati pa nyumba, aliyense amalowa pakhomo limene lili pafupi, kaya ndi la ndani, n'kudikira uthenga pa wailesi.

Lachitatu

M'mawa -14°C, mphepo yochepa. Lero taona ntchito ziwiri zimene zimachitika tsiku ndi tsiku, ngakhale pa Khirisimasi, ndipo kwa ife izi ndizo mtima wa malo ano.

Yoyamba ndi ya chibaluni cha pa siteshoni ya AWIPEV ya Germany ndi France. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, tsiku lililonse chibaluni chimakwera ndi kabokosi koyeza kutentha, chinyezi ndi mphepo. Chimamasulidwa cha m'ma 11 koloko pa nthawi ya UTC (nthawi imodzi yoyendera dziko lonse), kuno ili 1 koloko masana, kuti miyeso igwirizane ndi ya 12 koloko imene masiteshoni a padziko lonse amatumiza kwa olosera zanyengo. Kabokosi, ka Vaisala RS41, kamayamba kaikidwa pa makina okayesa m'nyumba kuti aone ngati kakuwerenga molondola ndiponso ngati kagwira GPS. Chibaluni chimasungidwa pofunda, chifukwa labala yozizira imauma n'kuphulika msanga, ndipo sichigwiridwa ndi manja amafuta kapena golovesi yokhakhala. Mpweya umapoperedwa mopima kuti chikwere mamita pafupifupi 5 pa sekondi. Mukauchulutsa chimathamanga n'kuphulikira pafupi, mukauchepetsa chimangoyandama osafika kumene chikufunika. Zikayenda bwino chimafika makilomita 30 kapena kuposerapo, chitatupa kwambiri chifukwa kumwambako mpweya wochipanikiza ndi wochepa. Povuta ndi pochitulutsa m'nyumba yopopera kukakhala mphepo: chimagwetsedwa pansi, kabokosi n'kumenya sinowo, kachitsulo kopyapyala koyezera n'kupindika. Womasula amathamanga kutsata mphepo, amasiya chibaluni choyamba, kabokosi pambuyo chingwe chitakungika. Masiku ena pamamangiriridwanso bokosi loyeza ozone, lokhala ndi kapampu kokokera mpweya m'madzi a potassium iodide, ndipo limenelo limakonzedwa kudakali masiku angapo.

Yachiwiri ili paphiri la Zeppelin, mamita oposa 470 pamwamba pa nyanja, kumene kumafikidwa ndi kangolo koyenda pa chingwe. Anakaika nyumba yoyezera mpweya kumeneko kuti utsi wa jenereta ndi magalimoto a m'mudzi usasokoneze miyeso, poti nthawi zambiri utsiwo umatsakamira pansi m'mpweya wozizira. Akatswiri a Norwegian Polar Institute amakwera kukasintha mafyuluta ndi kuona makina a NILU (bungwe la Norway lofufuza za mpweya), a yunivesite ya Stockholm ndi ena. Fyuluta imagwiridwa ndi kapanira, m'manja muli magolovesi, n'kutsekeredwa m'kathumba kolembedwa nthawi yeniyeni imene yaikidwa ndi kuchotsedwa. Chala chimodzi chikaikhudza, mchere wa thukuta umalowa m'zotsatira. Aliyense wofika amalemba m'buku nthawi imene walowa ndi kutuluka, kuti wofufuza akadzaona manambala atalumpha adziwe kuti kunali munthu pafupi ndi paipi yokokera mpweya.

Mpweya wa carbon dioxide pano wapitirira 420 ppm (magawo 420 pa magawo miliyoni a mpweya), ndipo miyezi ino ndiyo umakhala pamwamba, zomera za kumpoto zisanayambe kuumwa. Ino ndi nyengonso ya chifunga cha utsi wochokera ku mafakitale a ku Ulaya ndi ku Asia, umene umaunjikana m'miyezi yamdima chifukwa mvula youtsuka imakhala yochepa. Kuchokera pakhonde la nyumba ya pa Zeppelin mapiri atatu a Tre Kroner akuoneka bwinobwino kumapeto kwa nyanja.

Lachinayi

Ntchito ya lero inali pa Midtre Lovénbreen, mtsinje wa ayezi umene uli kum'mawa pang'ono kwa mudzi. Kukonzeka kwake kumadya nthawi kuposa ulendo weniweniwo.

Gulu lisanatuluke limalemba mayina, kumene likupita, njira ndi nthawi yobwerera. Nthawiyo ikadutsa osamveka pa wailesi, kufunafuna kumayamba, choncho mukaona kuti muchedwa, imbani isanakwane. M'chileyi chokokedwa ndi sikuta (njinga yamoto yoyenda pa sinowo) mumalowa chikwama changozi: tenti yaing'ono, chikwama chogonamo, chitofu, fosholo, chingwe ndi zida zotulutsira munthu m'ng'alu, foni ya setilaiti ndi kachipangizo koitanira opulumutsa. Helikopita imachokera ku Longyearbyen, makilomita oposa 100, ndipo nyengo ikaipa imachedwa. Chipatala chapafupi chili komweko, matenda aakulu amapita nawo ku Tromsø.

Pa zovala, mdani ndi thukuta. Pakhungu pamakhala ubweya wa nkhosa, osati thonje. Thonje likanyowa limagwira madzi n'kuyamba kukoka kutentha kwa thupi mukangoima. Pamwamba pa ubweya pamabwera juzi, kenako chovala chotchinga mphepo, ndipo poyendetsa sikuta mumavala ovolosi yochindikala, chipewa chophimba nkhope, helemeti ndi magalasi. Kunja kukakhala -15°C sikuta n'kumathamanga makilomita 40 pa ola, khungu limamva ngati -27°C. Kampata kakang'ono pakati pa magalasi ndi chophimba nkhope n'kokwanira kupsereza tsaya ndi chisanu. Mukaima muziyang'anana kumaso. Pa khungu loyera malo oyamba kuundana amayera ngati kandulo, koma pa khungu lakuda amangotuwa pang'ono, ndipo mnzanu amene sanazolowere sangaone, ndiye muuzeni chimene ayang'ane. Mankhwala ake ndi kuikapo chikhatho chofunda osatikita. Kupaka sinowo kumawonjezera bala. Mukayamba kukumba vulani ovolosi musanatuluke thukuta, mukamaliza valaninso musanayambe kumva kuzizira. Pothira petulo musavule magolovesi: petulo saundana, amazizira kufanana ndi kunja, ndipo akatayikira pakhungu amaliwotcha nthawi yomweyo.

Sikuta ikagona panja lamba wake wapansi amamatirira ku ayezi. Mukangokoka mafuta osaumasula, mumapsereza lamba wa injini, n'chifukwa chake wapadera sasowa pansi pa mpando pamodzi ndi mapulagi. Nyamulani kumbuyo kwake n'kukugwetsa kangapo, gwedezani ma ski akutsogolo (timiyendo totsetsereka pa sinowo), injini itenthe kaye. Zambiri mwa sikutazi zimaziziritsidwa ndi sinowo imene lamba amawazira pansi pake, ndiye mukayenda nthawi yaitali pa ayezi wosalala injini imatentha ndipo mapulasitiki otsetserekapo lamba amasungunuka. Patukirani pa sinowo yofewa pafupipafupi. Pamwamba pa mtsinje wa ayezi mumatsata njira ya GPS imene inayesedwa kale, poti ming'alu imakhala itaphimbidwa ndipo maso saiona.

Kuyeza kwake ndi kwa manja. M'katikati mwa mtsinjewo, kuyambira kumunsi mpaka kumtunda, munakhomedwa mapaipi a aluminiyamu m'mabowo obooledwa mu ayezi. Pa paipi iliyonse timayeza utali umene waonekera kunja, kenako timabaya sinowo ndi ndodo yoyezera mpaka igunde ayezi wa chilimwe chatha, malo angapo kuzungulira paipiyo. Vuto lili apa: mvula ikagwa m'nyengo yozizira, monga inachitira kwambiri kumayambiriro kwa 2012, imasiya chikhungu cha ayezi pakati pa sinowo. Ndodo ikagunda pamenepo munthu amayesa wafika pansi, n'kulemba masentimita 60 pamene pali 110. Chotsimikizira ndi dzenje. Mumakumba mpaka pa ayezi weniweni, khoma loyezera likhale la kumthunzi, mumalisalaza ndi fosholo, ndipo mizere yonse imaonekera: yofewa, yolimba ndi mphepo, ya ayezi wonyezimira, ndi ya pansi penipeni yokhala timibulu tosagwirana. Kuchokera pamwamba kutsika mumadula sinowo ndi kachitini kodziwika kukula kwake n'kuyeza pa sikelo. Lita imodzi ikalemera magalamu 380, ndiye kuti mita imodzi ya sinowo yoteroyo ndi madzi a masentimita 38. Sikelo muitchinge ku mphepo, ndipo lembani ndi pensulo, bolopeni imauma.

Kumapeto kwa chilimwe ena adzayezanso mapaipi omwewa kuti aone chimene chasungunuka, n'kuchotsera pa chimene chinagwa. Pa mtsinje wina wa ayezi wapafupi, Austre Brøggerbreen, kuwerengera kumeneku kunayamba mu 1967, pano mu 1968, ndipo pafupifupi chaka chilichonse chotayika chimaposa cholowa. Chimene chimapatsa manambalawa mphamvu ndi chakuti akhala akutengedwa mofanana, pamalo omwewo, kwa zaka zoposa 50. Paipi imodzi yowerengedwa mothamanga chifukwa zala zikuwawa imaononga ntchito ya anthu ambiri amene anakumba maenje pano ife tisanabwere.

Lachisanu

Kunja sikukuoneka. Mitambo yatsika, sinowo ikuuluka, mthunzi palibe, moti kuyang'ana kuphiri kuli ngati wavekedwa thumba la ufa woyera kumutu. M'nyengo yotere munthu sasiyanitsa chitunda ndi dzenje ngakhale pa mamita awiri, ndipo maulendo onse a sikuta aimitsidwa. Aliyense wokonza ntchito ya kuno aziwerengera masiku otayika chonchi.

Tsiku lotere limapita pa zida. Mabatire akazizira amaonetsa ngati atha pomwe mphamvu ikadalimo, choncho apadera amakhala m'thumba la m'kati pafupi ndi thupi, ndipo a lithium satchajidwa akadali oundana chifukwa amaonongekeratu. Adikire afunde kaye. Kamera, laputopu kapena makina alionse ochokera kunja amatsekeredwa m'thumba la pulasitiki asanalowe m'nyumba, kuti mame agwere pathumba osati m'kati mwa chipangizo, ndipo thumbalo silitsegulidwa mpaka patapita maola angapo. Mawaya wamba a pulasitiki amauma n'kuthyoka mukawapinda pozizira. Amene atsala kunja nkhandwe zimawatafuna, ndipo reindeer, nyama ya nyanga zanthambi imene imadya pakati pa nyumba mopanda mantha, imakodwa nawo n'kugwetsa zida. Waya wakunja azilowa m'paipi kapena akwiriridwe ndi miyala. Nkhandwezo musazidyetse kapena kuzigwira, chiwewe chinapezekapo pa Svalbard.

Mudzi wonse unamangidwa pa nthaka youndana chaka chonse, imene imangosungunuka pamwamba m'chilimwe. Nyumba yofunda ikakhala pansi penipeni imasungunula nthakayo n'kuyamba kupendama, ndiye nyumba zambiri zimaima pa mizati kuti mphepo izidutsa kunsi. Mapaipi a madzi amakutidwa bwino ndi kufunditsidwa, ndipo madzi akumwa amachokera ku kanyanja ka Tvillingvannet. Magetsi ndi a majenereta a dizilo, kutentha kwa injini zake n'kumene kumafunditsa madzi ozungulira m'nyumba. Zinyalala zimasankhulidwa mitundumitundu n'kukwera sitima kupita ku Norway. Madzi a mankhwala a mu labu sathiridwa m'sinki, chifukwa nyanja imene angatsikiremo ndi yomweyo anzathu akuyeza.

Tulo nato n'tofunika kutisamala. Usiku weniweni watha kale, ndipo cha pa 18 Epulo dzuwa lisiyiratu kulowa mpaka chakumapeto kwa Ogasiti. Thupi silimva kuti kwada, ndipo munthu amapezeka akugwirabe ntchito 1 koloko usiku, m'mawa n'kukagwira mfuti ali ndi tulo m'maso. Tsekani makatani ochindikala ola limodzi musanagone, ndipo musaphonye nthawi ya chakudya ku Messa, nyumba yodyeramo onse, chifukwa ndiyo wotchi imene yatsala. Amene amagonera kuno m'nyengo yozizira amalimbana ndi zosiyana ndi izi: kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka pakati pa Febuluwale dzuwa silituluka n'komwe.

Loweruka

Kwayera. M'mawa tinali kudoko pa maphunziro a suti yopulumukira m'madzi, imene aliyense wokwera boti laling'ono amavala. Madzi a m'nyanja muno ali pafupi ndi 0°C, ndipo wogweramo ndi zovala wamba manja amaleka kugwira m'mphindi zochepa. Suti ndi yathunthu kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Mukatseka zipi mpaka kuchibwano, mumanjuta n'kutsegula pang'ono mphira wa pakhosi kuti mpweya utuluke. Mukaiwala zimenezi mpweya umathawira kumiyendo mukagwa m'madzi, mapazi n'kuyandama, mutu n'kumira. M'madzimo mumagona chagada, mumakolana mikono ndi anzanu, ndipo pokwera m'boti mumalola kuti akukokeni chakumsana. Zipi yosapakidwa phula lake imakanirira pakati, ndipo suti yotseguka pachifuwa ingodzaza madzi.

Kale nyanjayi inkaundana kwambiri mwezi ngati uno, anthu n'kumayendapo. Kuyambira cha mu 2006, madzi ofundirapo a ku Atlantic akhala akulowa kwambiri, ndipo zaka zambiri ayezi amangogwira m'makona a kumtunda. Oyeza nyanja amatsitsa CTD, chida choyeza mchere, kutentha ndi kuya. Madzi amchere amaundana pa -1.9°C, ndiye chidacho chikangotuluka m'madzi n'kukhala pamphepo ya -10°C, madzi otsalira m'kapaipi kake kagalasi amaundana n'kukaswa. Pakati pa malo oyezera chimalowa m'bokosi lofunda.

Madzulo a Loweruka ndi osiyana ndi masiku ena. Matebulo amayalidwa nsalu, anthu amavula zaubweya n'kuvala shati kapena diresi, ophika, amakaniko, oyendetsa maboti ndi mapulofesa n'kukhala mosakanikirana. Bweretsani chovala chimodzi chabwino. Mwambowu si wachabe: pa matebulo amenewa ndi pomwe mumamva kuti mng'alu watseguka pati, mapazi a chimbalangondo aoneka kuti, ndiponso ndani ali ndi chiboolero chapadera choti akubwerekeni Lolemba. Sitolo imatsegulidwa maola ochepa pa sabata, choncho mankhwala anu a nthawi zonse mubwere nawo okwanira, ndi ena oonjezera.

Lamulungu

Ntchito zaima kupatula chibaluni ndi za kuphiri. Masana tayenda kukaona nsanja yachitsulo ya mamita 35 imene ili kunja pang'ono kwa nyumba, ndipo ngakhale pafupi chonchi mfuti imafunika. Inamangidwa kuti pamangiriridwe Norge, chombo chouluka chonga chibaluni chachikulu chimene Roald Amundsen, Lincoln Ellsworth ndi Umberto Nobile ananyamuka nacho pano pa 11 Meyi 1926, n'kudutsa pa North Pole mpaka kukatera ku Teller, ku Alaska. Mu 1928 Nobile anabweranso ndi Italia, chimene chinagwera pa ayezi pobwerera.

Mudziwu unayamba ngati wa mgodi wa malasha, ndipo kasitima kake kakadaima pafupi ndi doko. Migodi yake inali ya mpweya woyaka ndipo inapha anthu kangapo. Pa 5 Novembala 1962 kuphulika kunapha anthu 21, nkhaniyo inagwetsa boma la Norway la nduna yaikulu Einar Gerhardsen mu 1963, migodi n'kutsekedwa chaka chomwecho. Kummwera kwa mudzi matabwa, njanji ndi zitsulo zadzimbiri zikutulukira mu sinowo. Chilichonse cha anthu cha chaka cha 1946 chisanafike n'chotetezedwa ndi lamulo pa Svalbard, msomali womwe. Sichitoledwa, sichisunthidwa, ndipo chida cha kafukufuku sichikhomedwa pafupi popanda chilolezo.

Lolemba

Ndege yatsimikizika masana, koma mphepo yopingasa pabwalo kapena chifunga zikhoza kuisintha mpaka ola lomaliza. Tikiti yochokera ku Longyearbyen kupita ku Oslo isakhale ya tsiku lomwelo. Siyani usiku umodzi kapena uwiri pakati.

Mfuti yabwezedwa itauma, zipolopolo zitawerengedwa, pamodzi ndi wailesi ndi kamfuti ka moto. Sinowo ndi madzi zopita ku labu zagona mufiriji ya -20°C, ndipo zilowa m'bokosi lochindikala lodzaza mpaka pakamwa, chifukwa mpata wa mpweya ndiwo umafulumizitsa kusungunuka. Dzina la botolo lilembedwe pabotolo penipeni ndi inki yosafufutika, mapepala omata amagwa akachita mame. Mabatire a lithium amakwera m'chikwama cha m'manja, ndipo mabokosi olemera atsala m'nyumba ya kudoko kudikira sitima.

Chida chilichonse chotsala kunja chili ndi chikwangwani cha nambala ya ntchito yake ndi mwini wake, ndipo ntchito ikadzatha chiyenera kudzazulidwa chonse, zikhomo zomwe. Katswiri wotsala pa siteshoni walandira pepala la zida zathu: malo a chilichonse pa GPS, chithunzi cha mmene chiyenera kuonekera, tsiku losintha batire, mtundu wa fyuzi, ndi choyamba kuyang'ana manambala akasiya kubwera. Nthawi zambiri chimakhala cholumikizira waya chimene chalowa madzi sinowo ikayamba kusungunuka mu Juni, ndiye m'bokosi lake tasiyamo zapadera ziwiri ndi tepi yomatira.